Botolo la ku Girisi m'kabati ya Esinati

Lachitatu lapitali ndinapita ku komboni ya Sakubva kukazonda amalume anga, aBanda. Miyendo yawo inatupa mwezi watha, ndipo masiku ano akungodya phala lokha. Ndinawapeza pampando pabalaza, maso ali pa kabati yagalasi.

M'kabatimo, pakati pa matambula amene sanamwerepo munthu, munali botolo la vinyo woyera. Analitumiza ndi mdzukulu wawo Tamanda, amene amagwira ntchito m'hotela ku Girisi. M'kalata yake anafotokoza kuti vinyoyo ndi wa mphesa zamakolo za dziko limenelo, zolimidwa popanda feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo. Pamapeto analemba kuti, "Ameneyu ndi wa sekuru," kutanthauza agogo akewo.

Botololo latha miyezi isanu ndi iwiri chifikireni. Kiyi amasunga ndi mwana wawo, msuweni wanga Esinati.

"Asuweni, bwanji osawatsegulira amalume?" ndinafunsa.

"Aiwa, ameneyo ndi wa alendo," anatero Esinati. "Chinthu chochokera kutali chotere tingangomwa Lachitatu?"

Kunena zoona, ndinapsa mtima. Alendo ake ati?

Amalumewa anagwira ntchito zaka makumi atatu m'munda wa mphesa pafamu ina cha ku Odzi. Ankadulira mipesa m'chisanu cha Julaye zala zitauma gwa. Famuyo itagawidwa mipesa inazulidwa, iwo n'kukwera lole ndi matilesi awo kubwera m'tauni muno. Zaka zonsezo vinyo ankangomuona akutuluka pageti m'makatoni. Sanalawepo ngakhale dontho, poti uko ankauzidwa kuti ndi wa anthu ena. Lero akumvanso zomwezo m'nyumba mwawo.

Musamuseke Esinati, owerenga. Kwanuko kulibe bulangete limene likadali m'pulasitiki pamwamba pa wadiropu, inu mukunjenjemera ndi mphepo ya m'mapiri athuwa? Nkhuku timaphera mlendo wa ku Harare amene wabwera atakhuta kale, wodwala wa m'nyumba akumwa madzi a ndiwo zamasamba. Timati ndi ulemu. Ine ndimati ndi kudzinyoza, ndipo zimanditopetsa.

Zinthu zosungidwazi zimatuluka tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo mukulidziwa. Bulangete latsopano lija timalifunditsa bokosi.

Ndiye ndinamuuza Esinati mosabisa. "Asuweni, alendo mukudikirawo abwera posachedwa, ndipo adzadzaza bwalo lonseli. Koma amalume sadzamwa nawo."

Anandiyang'ana ngati andimenya. Kenako analowa kuchipinda, n'kubwera ndi kiyi.

Chotsegulira tinalibe. Tinakhoma msomali pachotsekera n'kukoka ndi pulayala, zinyenyeswa zina n'kugwera m'botolo momwemo. Esinati anatsuka tambula imodzi ya m'kabati ija, n'kuwapatsa bambo ake atagwada.

Amalume ananunkhiza nthawi yaitali asanalawe. Atameza anakwinya nkhope.

"Ndi wowawasa," anatero. "Ndiye n'chimenechi tinkazizidwira chija?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anayang'ana m'tambulamo. "Koma amene amadulira mipesa imeneyi ntchito amaidziwa. Ndikanakonda nditamugwira chanza. Mwanawe, ndithirirenso pang'ono."

Esinati anathira, misozi ili mbwembwembwe.

Nditafika kwathu madzulo ake ndinakwera pampando n'kutsitsa bulangete langa pawadiropu, poti nanenso matendawa ndili nawo. Nanga inu, za m'kabati mwanuzo mukusungira maliro a ndani?