Milamba ya a Zikhalo

A Zikhalo anaphunzitsa sayansi ku pulayimale zaka makumi atatu. Atapuma ntchito anabwerera kwawo kumunsi kwa Bembeke, n'kukumba dziwe pakona pa dimba la kabichi. Ankati ndi lothirira, koma aliyense ankadziwa kuti akufuna nsomba.

Chaka chatha mvula yoyamba inagwa yamphamvu, mtsinje unasefukira mpaka kudimba. Patapita masabata awiri, a Zikhalo anapeza tinthu takuda tambirimbiri m'dziwemo, mitu ikuluikulu, michira ikugwedezeka.

"Milamba," anawauza akazi awo, a Agatha. "Yabwera ndi madzi osefukira."

"Si mbululu zimenezo, bambo a Ufulu?"

"Mbululu ndaiphunzitsa pabolodi zaka zonsezi. Siikula ngati chala chachikulu."

Anayamba kuzidyetsa madeya m'mawa uliwonse. Potuluka m'tchalitchi anaitaniratu a Anselmo, anzawo a m'kwaya, kuti pa Pasaka adzadye mlamba wowamba.

A Agatha ndi amene anayamba kuona zachilendo m'dziwemo, akutunga madzi othirira ndi khekhe. Patapita masiku atatu, akuthira tiyi, anafunsa mwaulemu:

"M'mabuku mwanu muja, mlamba umayamba kumera miyendo uli ndi miyezi ingati?"

A Zikhalo anasiya kapu, anavala majombo, ulendo wa kudimba. Anagwada n'kutunga kamodzi m'chikhatho. Timiyendo tiwiri, zala zake zokwanira. Akuwerenga zalazo, matope a m'mbali anasuntha. Chule wamkulu ngati mbale, wobiriwira, khosi lachikasu, anadumpha n'kuluma jombo lawo. Mphunzitsi wa sayansi anakhala pansi m'madzi.

Anabwerera kunyumba buluku likudontha.

"Ali ndi bambo wawo," anatero. "Akuwalondera."

Manyazi anawagwira sabata imodzi yokha, kenako chidwi chinapambana. Anafukula kope lakale n'kuyamba kulemba: tsiku limene michira inafupika, tsiku limene chule uja anakumba kangalande ndi miyendo yakumbuyo kuti ana ake achoke pachithaphwi chimene chinkaphwa. Anamupatsa dzina loti Woyendera Sukulu, poti amabwera osanena ndipo saseka.

A Anselmo atamva, anapita kukadzionera okha. Anaima patali ndithu, manja kumbuyo.

"Achimwene, ku Linthipe ena amadyatu zimenezi."

"Kadyeni za ku Linthipe komweko," anayankha a Zikhalo. "Awa ndi a sitandade wani, sanamalize."