Zimene Buluku la a Namakhwa Linkabisa

Sabata yathayi ndaona anthu a ndalama zawo akuvutika mwadala.

Mwana wa mlongo wanga, Yamikani, amene amagwira ntchito m'maofesi a ku Blantyre, anandiimbira foni kuti Loweruka akubwera ndi anzake kudzakwera phiri. Akuti adutsa m'minda ya tiyi, akwere mpaka pamwamba, ndipo agone konko m'matenti. Ine ntchito yanga inali yowaperekeza mpaka pamene tiyi wathera.

"Nyumba zanu zatani?" ndinamufunsa. "Akulandani?"

"Ayi amalume, n'zosangalatsa chabe. Tikufuna kampweya kabwino."

Mwamva? Juni uno, chiperoni chili pakhomo, munthu wa nyumba yamagetsi ndi bulangete lamanyamanya akufuna kukagona pansi kutchire. Ife kuno tikagona panja ndiye kuti kwagwa maliro, ndipo palibe amene amajambulitsa akumwetulira.

Anafika m'mawa, nkhungu isanachoke m'mizere ya tiyi. Atatsika m'galimoto ndinayamba ndayang'ana kumbali. Amuna ndi akazi omwe anali m'makabudula, koma pansi pa kabudula panali kansalu kakuda kothina, kogwira mwendo kuchokera m'chiuno mpaka mu akakolo, ngati anthu awaviika m'phula. Miyendo ya Yamikani, imene banja lonse takhala tikuibisa chifukwa ndi ya kakowa, inali poyera dziko lonse likuona.

"Amalume, awa ndi mathemo," anatero akudzisisita pantchafu. "Mumavala pakhungu penipeni, zina zonse pamwamba. Amasunga kutentha, ndipo mukatuluka thukuta amauma msanga. Nsalu wamba ikanyowa imakuziziritsani tsiku lonse. Pogona mu tenti timavala ena ouma."

Mtengo wake anandiuza, koma sindiulemba. Ena mwa inu mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Tsono ndinali ndi mnzanga. Pano ndimutcha a Namakhwa. Dzina ndasintha, ngakhale a kutchalitchi kwathu awazindikira asanamalize ndime ino. Anali kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti mpaka anapuma, ndipo panopa ndi mkulu wa mpingo. Palibe anawaitana. Anangomva kuti m'zikwama za alendowo muli soseji, ndiye anati sangalole kuti ine ndikasochere ndekha m'minda imene ndinabadwiramo.

Anabwera atavala jekete, buluku la suti yakale ndi gambutsi. Atangoona mathemo aja, ulaliki unayambika ngakhale linali Loweruka.

"Ana inu, izi n'zovala kapena bandeji? Mwamuna wamkulu kuvala sokosi yofika m'chiuno! Ife tinkalowa mu tiyi mame ali thoo, kabudula yekha, osadandaula. Mwamuna sazizidwa miyendo. Amazizidwa miyendo ndi nkhuku."

"Nanga inuyo simukumva kuzizira, abambo?" anafunsa mtsikana wina wa m'gululo, dzina lake Tadala, amene ndinamva kuti ndi namwino.

"Ine? Magazi a Chilomwe awa, mayi. Amawira okha."

Tinayenda. Anawo ankaima paliponse kujambula tiyi ngati ndi mkwatibwi. A Namakhwa anali patsogolo, akuloza uku ndi uko, pakamwa posatseka.

Amene mumamudziwa tiyi wa m'kapu yekha, dziwani kuti nyengo yozizira ino ndi yodulira. Mitengo amaidula m'chiuno ndi chimpeni chakuthwa, n'kutsala zitsa zosongoka ngati mano a ng'ona. Katondo wa kuno naye akanyowa ndi chiperoni sadziwa mkulu wa mpingo. Potsetsereka pena, ali mkati mofotokoza mmene dziko laonongekera, gambutsi inawathawa. Tinangomva phii! Chitsa chinang'amba buluku pansi pa bondo n'kulowa m'katumba.

Ine ndi amene ndinali pafupi. Nditawerama kuti ndione bala, ndinaona magazi, inde. Koma pa chibowo cha buluku lija ndinaonanso china.

Maluwa.

Maluwa ofiira ndi achikasu, pa kansalu kothina kogwira mwendo. Legini ya amayi, abale anga, yeniyeni ya pa kaunjika. Magazi a Chilomwe aja anali ndi wowathandiza kuwira.

A Namakhwa anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundinong'oneza m'Chilomwe kuti a m'tauniwo asamve. M'Chichewa mawu ake ndi akuti: "Achimwene, mukatsegula pakamwa, maliro anu sindidzabwera."

Tadala anali atafika kale ndi kabokosi ka mankhwala.

"Abambo, kwezani buluku nditsuke balalo. Chitsa chili ndi dothi."

"Palibe kanthu, mayi. Kakanda chabe."

"Kakanda kotani magazi akudzaza gambutsi? Kwezani pang'ono pokha."

"Mwendo wa mkulu wa mpingo saonetsa kwa mwana wamkazi."

"Ndiye akweze amalume a Yamikani, ine ndiyang'ana kumbali."

Onse anatembenukira kwa ine. Ndipo ine, bwenzi lokhulupirika, ndinati: "Asiyeni ana inu, awa ndi achikale, amachira okha." Ubwenzi wa amuna ndi umenewo. Timathandizana kufa mwaulemu.

A Namakhwa anamanga mpango pamwamba pa buluku, nakana ngakhale galimoto. Anawo anapitiriza ulendo wawo wa kuphiri, ife tinabwerera kumudzi, iwo akutsimphina, ine ndikuluma mlomo kuti ndisaseke. Soseji sanailawe n'komwe.

Musawaseke okha a Namakhwa. Pitani pa msika wa Bvumbwe tsiku la kaunjika, mukaime pafupi ndi mulu wa malegini. Muona bambo wa ndevu zake akuzungulira ngati khwangwala, kuyamba wafunsa mtengo wa makatani, kenako wa zipewa, kenako n'kutola kamodzi ndi zala ziwiri.

"Ndikugulira mayi akunyumba."

Wogulitsa, amene anaona zambiri pa moyo wake, amangofunsa mwaulemu: "Mayiwo msinkhu wawo ndi ngati wanu womwewu, bambo?"

"Eya, ndendende. Ndi m'chiuno momwe."

Zodabwitsa za Thyolo! Juni akangofika, akazi onse amatalika n'kufanana ndi amuna awo.

Alonda a pa esiteti, a kabaza olawirira ku Limbe, madoda ogona pamaliro, mukuganiza kuti pansi pa mabuluku awo pali chiyani? Pemphero? Wina amavala mabuluku awiri n'kumayenda ngati wakwera bulu. Wina amakulunga nyuzipepala m'miyendo, mwina tsamba lino lomwe, ndipo ndikuthokoza kuti zolemba zanga zikufunditsa anthu. Koma onsewo mukawafunsa, yankho ndi limodzi: mwamuna sazizidwa.

Amayi othyola tiyi alibe nthawi ya bodza limeneli. Amavala legini, pamwamba chitenje, pamwamba pake pepala la pulasitiki lotchinga mame, n'kulowa mu mzere dengu lili kumsana. Akazizidwa amanena kuti tazizidwa. Ndiye ife timati ndi ofooka.

Nanga kusiyana kwa mathemo a Yamikani ndi maluwa a a Namakhwa n'chiyani? Yamikani adzakuuzani za nsalu yake, ndipo mwina akunena zoona. Koma kusiyana kumene ine ndinaona n'kwakuti wina anagula modula n'kuvala poyera, wina anapeza mwaulere n'kubisa ngati chamba. Chinthu chikabwera ndi dzina lachizungu ndi chitukuko. Chikachokera pa chingwe cha kuseri kwa nyumba ndi manyazi.

Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Ine lambeyo sindinamuonepo, koma ndikukhulupirira kuti anali mwamuna, ndipo anali ndi udindo kumpingo.

Lamulungu a Namakhwa sanaoneke kutchalitchi. Anatumiza uthenga woti ali ndi chimfine. Lachinayi m'mawa mayi Namakhwa anafika pakhomo panga, chitenje chili pambali.

"Alamu, tabwerani mudzaone anzanu. Thupi lili moto, mwendo watupa ngati mtondo, koma buluku akukana kuvula. Chibwerereni kuphiri kuja akugona nalo. Akuti akumva kuzizira. Mwawachita chiyani amuna anga?"

Ndinawapeza ali gone, milomo itauma, m'chipinda muli kafungo kosafuna kufunsa. Mayi atatuluka kukafuna njinga yamoto, a Namakhwa anandiuza zoona. Kansalu kaja kanali katamatirira m'bala pamodzi ndi magazi. Kukoka, ululu. Kupempha madzi otentha kuti anyowetse, mayi afunsa. Ndiye anasankha kudikira kuti mwina Mulungu achita chozizwitsa chovula munthu legini mkazi wake osaona.

"Achimwene," ndinatero, "mwendo uwu mukufuna muzikayenda nawo kapena tikaukwirire pawokha?"

"Kuchipatala akandivula pamaso pa anthu."

"Akapanda kukuvulani a chipatala akuvulani adzukulu, ndipo amenewo sasunga chinsinsi."

Pamenepo anavomera.

Kuchipatala ku Boma namwino sanafunse za udindo wa munthu. Anatenga sizasi n'kudula buluku la suti kuchokera pansi mpaka pabondo. Maluwa aja anatulukira onse, ngati munda wa bwana wa esiteti.

Namwino sanaseke. Anangoti, "Agogo, mwachita bwino kufunditsa miyendo, koma bala silifunditsidwa," n'kupitiriza kudula.

Amene anadzidzimuka ndi mayi Namakhwa. Anayandikira, nagwira kachidutswa ka nsaluyo, nakayang'anitsitsa.

"Iyi si legini yanga iyi?"

A Namakhwa anayang'ana kudenga.

"Bambo, ndikufunsa. Si imene inasowa pa chingwe mwezi watha?"

Apa m'pamene ndinamva mbali ya nkhani imene ngakhale ine sindinkaidziwa. Legini itasowa, mayiwo anaganizira mng'ono wawo wa nyumba yoyandikana nayo. Anayankhulana mawu oipa mpaka kuleka kupatsana moto. Ndipo amene anawakhazika pansi awiriwo, n'kuwatsegulira Baibulo, n'kuwalangiza kuti wotenga chinthu cha mbale wake abweze mwakachetechete, anali ndani? Mkamwini wolemekezeka, mkulu wa mpingo, atakhala pampando miyendo ili mu katundu wosowayo.

"Ndinangobwereka," anatero a Namakhwa ndi mawu a kamwana.

"Kubwereka! Ine kumutcha mwana wa mayi anga wakuba, inu muli phee, miyendo ikutentha bwino!"

Adokotala atabwera anati mwendo utsala, koma akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Anawagoneka, akuwabaya majakisoni, ndipo bala akulitsuka tsiku ndi tsiku. Munthu amene anakana kuonetsa katumba kwa namwino mmodzi kutchire, pano mwendo wake ukuonedwa ndi aliyense wodutsa, kuphatikizapo ophunzira ntchito amene amabwera m'magulu ndi zolembera.

Yamikani nditamuuza pafoni anadandaula kwambiri, nati awagulira mathemo enieni. Iye ndi anzake akuti anagona bwino kuphiri kuja, miyendo ili fundee, ndipo akufuna kudzabweranso. Anthu ena mavuto sawakwana.

Koma mayi Namakhwa anamuposa changu Yamikani. Dzulo pa nthawi yoona odwala, wodi ya amuna itadzaza, azimayi a kumpingo ali pomwepo ndi mabasiketi awo, mayiwo anatulutsa kajumbo. Anatambasula legini yatsopano yakuda, naikweza m'mwamba kuti ndi wa pabedi lakumapeto yemwe aone, n'kuiyala pa bulangete la amuna awo.

"Iyi ndi yanu, bambo. Ndagula ndekha, ndipo wogulitsa ndamuuza kuti ndi ya amuna anga. Muzichapa nokha, muziyanika kutsogolo kwa nyumba. Mukatuluka muno, ulendo woyamba ndi wa kwa mng'ono wanga."

Wodi yonse inafa ndi phwete. Wina mpaka anagwira pamene anamusoka. A Namakhwa anafunda kumutu.

Kuseka kutatha, azimayi atatuluka, bambo wa pabedi loyandikana, amene anaseka kuposa onse, anandikodola. Ndinawerama.

"Akulu," ananong'ona, "tandifunsirani kwa mayiwo. Zakudazo zikupezeka pati?"

Tsono inu bambo amene mwawerenga mpaka pano, misozi ili m'maso chifukwa choseka mkulu wa mpingo: musanapereke nyuzipepalayi kwa mnzanu, mungatikwezereko buluku pang'ono, tione?