Ndinapereka Dzinja la Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawalanda amalume anga dzinja. Musaseke, ndikunena zoona. Panthawiyo tinkakhala pa Nkaya, m'nyumba za anthu a njanji, ine ndi amayi ndi mlongo wawo, a Kasiano. Ntchito ya amalumewo inali yosintha njanji kuti sitima ilowere kumene ikupita, koma mtima wawo unali pa limba lakale lopopa ndi mapazi, limene anapatsidwa ku tchalitchi litayamba kutha. Linkapuma ngati munthu wodwala mphumu, koma ukalinena zoipa unkagona osayankhulitsidwa.

Ali mnyamata, anamvapo pa galamafoni ya wansembe wina wochokera kunja nyimbo yaitali yofotokoza nyengo za kwawo kwa azungu. Chimenecho chinawakhala pamtima. Ankati nanga ife kuno tilibe nyengo? Ndiye anayamba kupeka yawoyawo, yoti kwaya iziimba m'mawu anayi, ya zigawo zinayi: masika, chisanu, chilimwe ndi dzinja. Ankailemba m'kope ndi pensulo, do re mi, tizilembo tothinana ngati mapazi a nkhuku.

Anali ndi lamulo limodzi limene amayi ankati ndi misala: nyengo iliyonse ankaipeka ikafika basi. Chisanu ankachilemba mu Juni, mphepo ikulowera pansi pa chitseko, zala zitauma gwa. Chilimwe chikafika ankakhala panja dzuwa lili paliwombo, thukuta kamukamu, kumvetsera nyenje. Nyengo ikatha chigawo chisanathe, ankatseka kope n'kudikira chaka chamawa. Zigawo zitatu zinatha mosavuta. Dzinja lokha linawadyera zaka zitatu.

Dzinjalo ndiye linali mwana wawo wapamtima. Linkayamba ndi mawu a abambo okhaokha, pansipansi, kudandaula kuti nkhokwe zauma, ana agona ndi njala, mitambo ikungodutsa. Kenako zii. Ndiye mawu a mwana mmodzi ankagwa, kamodzi, kawiri, ngati madontho oyamba pa malata, mpaka onse n'kulowa pamodzi. Mwana ameneyo ndinali ine. Akaweruka ku ntchito ankatseka mawindo, n'kundiimika pafupi ndi limba, mpaka nyimboyo inandilowa m'mafupa. Cholinga chawo chinali choti idzamveke koyamba ku tchalitchi chachikulu ku Balaka, zigawo zonse zinayi tsiku limodzi. Anandiuza kuti ndisaiimbe ngakhale ku chitsime, ndipo ndinavomera.

Chaka chimenecho kunamveka kuti kubwera mkulu wina wa chipani. Amene munakula nthawi imeneyo mukudziwa mmene zinkakhalira: maphunziro ankaima, tonse kubwalo kukaphunzira nyimbo ndi magule. Aphunzitsi athu oimbitsa anali atatopa ndi nyimbo zomwezomwezo, ndipo analengeza kuti mwana amene abweretse yatsopano ndiye adzaime kutsogolo kwa sukulu yonse. Ine ndinali kamtsikana kosaoneka bwino, ka zipsera m'miyendo, koimikidwa kumbuyo kumene ngakhale amayi ako sangakuone. Ndinakweza mkono. Sindinganame kuti wina anandikakamiza, iyayi. Ndinkafuna kuonedwa basi.

Ndinang'ung'udza nyimboyo yopanda mawu, kuyambira pa dandaulo lija mpaka pa madontho. Aphunzitsi anatong'ola maso. Atafunsa kumene ndinaitenga, ndinati yangondibwerera m'mutu. Pofika mawa lake anali ataikamo mawu awo, akuti nkhokwe zasefukira, tonse takhuta, tithokoze atsogoleri. Anaifulumizitsa, n'kuikamo ng'oma ndi kuomba m'manja, ndipo kunena chilungamo inakoma.

Tsiku la msonkhano aliyense anayenera kupezekapo, khadi la chipani lili m'thumba. Ndinaima kutsogolo, miyendo nditaipaka mafuta, n'kutsegula pakamwa ndi mphamvu zanga zonse. Nyimbo ili mkati ndinawaona amalume, ataima kumapeto kwa gulu, chipewa cha ku ntchito atachipana m'khwapa. Titamaliza anaomba m'manja, chifukwa masiku amenewo wosaomba ankaonekera patali. Koma ankaomba akuyang'ana pansi, ndipo chimwemwe changa chonse chinathera pomwepo.

Kunyumba ndinapeza amayi atathyola kale mkwapulo. Amalume anawaletsa. Bola akanandikwapula, chifukwa ululu wa mkwapulo umatha ukagona. Ine, ndi kupusa kwanga, ndinayamba kudziteteza. Ndinati nanga vuto lili pati, nyimbo yawo ikadali m'kope, akhoza kukaiimbitsa ku Balaka monga anakonzera.

"Rozina, mwana wa mlongo wanga," anatero amalume motsitsa mawu, "anthu onse amva lero kuti nyimbo imeneyi imati takhuta. Ine ndikaime pagulu, pa nyimbo yomweyo, ndiziti ana agona ndi njala? Ndani angavomere kuti yanga ndi imene inayamba? Adzati ndikunyoza. Mudzakandifunafuna kuti?"

Ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti pa Nkaya pomwepo panali nyumba imene bambo ake anatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo sanabwerere.

Anadikira milungu ingapo, mwina poganiza kuti nyimboyo iiwalika. Sinaiwalike. Amayi a chipani anaitenga, ndipo sitima yomweyo imene amalume ankaisinthira njanji inaifikitsa ku Balaka ndi ku Liwonde. Ngakhale Che Saidi, amene ankatigulitsa nsomba zouma za ku nyanja ya Chiuta, anafika tsiku lina pa njinga yawo akuiimba mluzu, osadziwa kuti mwini wake ndi amene akusankha nsombayo.

Madzulo a tsiku limenelo amalume anatenga lezala n'kundiitana. Anati kope lokhalo, litapezeka ndi munthu wolakwika, linali lokwanira kuwatsekeretsa. Anandiuza kuti ndiligwire motambasula, iwo n'kumadula masamba a dzinja limodzilimodzi, kumaponya pa mbaula. Sanakalipe, sanalire. Ine ndi amene ndinkalira, mpaka anandiuza kuti ndigwire bwino angadule ndi chilimwe chomwe. Chilango changa chinali chimenecho.

Mvula yoyamba itagwa, dothi likununkhira, ana tikuthamangitsa ngumbi, ndinawamva akuyesa kupeka dzinja lina. Ankayamba bwinobwino, koma zala zinkabwerera kokha ku nyimbo yakale ija, ndiye ankasiya. Anayesa madzinja awiri, kenaka anaphimba limba ndi chitenje. Amayi anawachonderera kuti akaimbitse zigawo zitatu zotsalazo, koma anakana. Anati chaka chopanda dzinja ndi chaka cha njala, sangachionetse kwa anthu. Anamwalira zinthu zisanasinthe m'dziko muno, ndipo nyimbo yawo sinaimbidwepo ndi kwaya iliyonse.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Ine ndinalira kuima kutsogolo, koma pa matope angawo anaterereka ndi munthu wina. Panopo ndi pamene ndikumvetsa kuti munthu akakuonetsa chinthu chake chisanapse, wakudalira ndi mtima wake wonse, ndipo ukachitulutsa sungathenso kuuza anthu mmene achigwiritsire. Ndimamva chisoni kwambiri, makamaka poti sindinawapepese. Ndinkangoti ndidzapepesa ndikakula.

Kope lija lili ndi ine, ndi nyengo zake zitatu ndi timizere ta masamba odulidwa. Lero palibe angandimange chifukwa choimba za njala, ndipo mwana wanga, amene amaimbitsa kwaya, wandipempha kangapo kuti ndimuimbire dzinjalo alilembenso. Koma mawu anayi aja anapsa pa mbaula, ine ndinkadziwa bwino mzere wanga wokha. Mawu a amalume ndatsala ndi ochepa amene ndakuuzaniwa. A aphunzitsi aja ndiye ndikuwakumbukira onse, palibe limene linatayika. Chaka chilichonse madontho oyamba akagunda malata ndimatsegula pakamwa kuti ndiwaimbire amalume nyimbo yawo, koma chotuluka chimakhala chakuti tonse takhuta, ndiye ndimatseka.