Mowa wa Mpunga Unathera pa Mbaula

Mpaka lero munthu akandiuza kuti mowa ndi mowa basi, ndimamuchokera ndisanamutukwane. Masese a ku Mkanda si a kwa Dambe. A ku Mkanda ndi olemera, amakhala m'mimba ngati chakudya. A kwa Dambe ndi owawasa, opepuka, omwa dzuwa likuswa mtengo. Munthu yekha amene ankandimvetsa pa nkhaniyi anali Mjapani wina amene anabwera kudzakonza mapampu a zitsime, ine ndili kalaliki pa boma la Mchinji. Chichewa chake chinali chopunduka, koma lilime lake linkaudziwa mowa.

Loweruka tinkapalasa njinga kukalawa kwa amayi ofulula m'midzi, iye n'kumandisimbira za sake, mowa wa mpunga wa kwawo. Ankati dera lililonse lili ndi wake. Wa kumapiri ozizira umadutsa pakhosi ngati madzi a pakasupe, wa madera ena ndi wotsekemera, ndipo chosiyanitsa ndi madzi ndi mtundu wa mpunga. Anali ndi botolo limodzi lochokera kumudzi kwa bambo ake. Anandilonjeza kuti tidzalitsegula awiri iye asanabwerere.

Tsikulo litafika, anatereka madzi pa mbaula pakhonde pake n'kuviikamo botololo, pakuti wa kwawoko amaumwa wofunda. Anatulutsa timakapu tiwiri tating'ono. Tisanathire n'komwe, anatulukira tcheyamani wa nthambi ya chipani, akugulitsa makadi. Masiku amenewo munthu wotere sunkamubweza pakhomo.

"Kodi akalaliki, mowa mwayamba kuutereka ngati tiyi?" anandifunsa.

"Ndi wa alendowa, atcheyamani. Wa mpunga."

"Wa mpunga? Patseni kuno. Amayamba ndi mkulu."

Mjapani uja, mwa ulemu wake, anapereka botolo ndi manja awiri. Tsono kwathu kuno kachasu timamuyesa pa moto: weniweni ukamuwaza pa makala, lawi limalilima. Mkuluyo sankadziwa mayeso ena. Anachotsa poto, n'kuthira pang'ono pa makala. Anangolira kuti tsii. Anathiranso, lawi osaoneka.

"Akupusitsani akalaliki, awa ndi madzi otsukira mpunga," anatero akuseka. "Kapena mphamvu yatsalira pansi."

Anapendeketsa botolo lonse. Mbaula inazima, phulusa linatiwaza m'maso, khonde lonse n'kununkhira ngati nthochi zakupsa. Mjapani anangowerama, kapu yake ili m'manja.

Ine sindinawerame.

"Atcheyamani, mbuzi ikaononga m'munda timati ndi njala. Inu mwaononga osalawa n'komwe. Vuto lanu n'chiyani?"

"Mukunditcha mbuzi, akalaliki?"

"Ayi, mbuzi ndailakwira."

Anatola makadi ake n'kuchoka, ndipo lipoti linakafika kwa akuluakulu likunena kuti ndanyoza chipani pamaso pa mlendo. Za botolo munalibemo. Anandisamutsira ku Nsanje mofulumira, katundu pa lole, mkazi wanga akundilalatira njira yonse kuti pakamwa panga padzatiphetsa. Mnzanga uja anali kumidzi ndi mapampu ake, moti sitinatsanzikane.

Ena amandiuza kuti ndinali ndi mwayi, anzanga ankatengedwa pa nkhani zochepa kuposa iyi. Ndikudziwa, koma musandiuze kuti ndithokoze. Munthu anaunyamula mowa wa kwa bambo ake kuwoloka nawo nyanja kuti ine ndiulawe, chitsiru china n'kuzimitsira moto. Sake sindinamulawebe. Chimene ndimadziwa ndi fungo lake pa makala onyowa.