Munda umene ndinkaukamba ku Kepitawuni

Ndinaganiza zopita ku Joni sukulu yapulayiveti ya pa Namadzi, kumene ndinkaphunzitsa sitandade folo, itatsekedwa. Mwini wake anagulitsa malowo kwa munthu wofuna kumangapo mashopu, ndipo aphunzitsife anatiuza Lachisanu kuti Lolemba tisabwere. Ndinabwerera kwathu ku Ndunde ndi chikwama cha zovala komanso mwana wanga Tadala, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo ake anali atachoka kale pamudzi n'kukakwatira kwina ku Limbe. Ndinalima chaka chimodzi m'munda umene amayi anandigawira nditakwatiwa. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo zimene ndinakolola zinatha dzinja lisanafike. Apa m'pamene mnzanga wina amene tinkaimba naye kwaya ananditumizira uthenga wakuti ku Kepitawuni kukufunika munthu wodziwa Chizungu woti azisamalira mayi wokalamba.

Amayi sanandiletse, komanso sanandilimbikitse. Anali kusenda nandolo pakhonde, ndipo anangofunsa kuti mwana ndimusiya ndi ndani. Ndinati ndi mng'ono wanga Aginesi, amene anali atangokwatiwa kumene, nyumba yake ili pafupi ndi yanga. Za munda sitinakambe. Sindinaone chifukwa, popeza ndinkati ndikupita zaka ziwiri zokha. Ndinakhalako zisanu ndi ziwiri.

Masiku ano anthu akandifunsa za kumeneko amafuna kumva za malipiro, za mbava za m'sitima, ndiponso ngati kumazizira monga amanenera. Ndimawayankha zonsezo. Palibe amene anandifunsapo zimene ndinkachita Loweruka masana, ndipo ine sindiyambitsa, chifukwa kunena kuti ndinali m'gulu lowerenga mabuku a munthu amene anamwalira kalekale kumamveka ngati kudzitukumula.

Amene ndinkawasamalira anali mayi Dorini, mzungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, amene miyendo inali itawakana koma mutu ukugwira bwinobwino. Ndinkawasambitsa, kuwaphikira, kuwapatsa mankhwala ndi kuwakankha pa njinga yawo ya olumala. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama kudzera kwa Aginesi, ndipo yankho linkabwera tsiku lomwelo: zafika achemwali, zikomo, koma feteleza wakwera, nsapato za Tadala zang'ambika, amayi akufunika kukaonana ndi adokotala. Sindinkakwiya nazo, ndi zimene ndinapitira. Chimene chinkandilemera n'chakuti sabata yathunthu inkatha popanda wondifunsa kanthu kupatula kuti mapilitsi ali pati, kapena ndalama zibwera liti. Lamlungu ndinkakapemphera ndi Amalawi anzanga, koma kumeneko aliyense anali ndi katundu wofanana ndi wanga, ndipo tinkabwerako titalemedwa kuposa popita.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse mayi Dorini ankapita ku laibulale ya m'deralo, kumene kunkakumana gulu lowerenga mabuku a mlembi wina wakale wa ku Ulaya. Ulendo woyamba ndinawalowetsa m'chipindamo, kuwakhazika bwino, ine n'kutuluka kukakhala pa benchi ya panja. Sipanapite nthawi, kunatuluka bambo wina wamfupi waimvi. Anali bambo Daniels, amene anapuma ntchito ya ku positi, ndipo ndiwo ankatsogolera gululo. Anandifunsa dzina, ndinawauza.

"Marita, kuno kulibe odikira panja," anatero. "Lowani, tiyi akuzizira."

Ndinawauza kuti ndabwera pa ntchito, ndipo bukulo sindinaliwerenge. Iwo anati theka la anthu amene ali m'katimo sanalimalize, ena akhala akulimbana nalo zaka khumi. Ndinalowa chifukwa kukana munthu wamkulu kawiri n'kupanda ulemu.

Ndinkayembekeza kupezamo maprofesa. Munali anthu pafupifupi makumi awiri: agogo achizungu angapo, namwino wa ku Congo, mlonda wa pa sitolo amene ankabwera atavala yunifolomu yake, ndi bambo wina wosaona amene ankamvetsera mabukuwo pa foni n'kumawakumbukira kuposa tonsefe. Pakhomo panalibe masitepe. Mayi wina wosamva bwino ankakhala pakati, ndipo woyankhula aliyense ankayenera kuyang'ana kwa iwo. Ndalama yolowera panalibe. Panali kachitini pambali pa ketulo, wofuna kuponyamo aponyemo. Mlembiyo sankamutchula dzina kawirikawiri, ankangoti mlembi wathu, ngati wachibale amene wangotuluka pang'ono. Tsikulo anandibwereka buku la zilembo zikuluzikulu, chifukwa ndilo linatsala, lolemera ngati njerwa.

Ndinkaliwerenga masana mayi Dorini akagona. Chizungu chake chinali chachikale, chiganizo chimodzi n'kudya theka la tsamba, koma nkhani zake ndinkazidziwa: maukwati, malo, achibale osalonjerana, anthu oyeza mnzawo ndi zovala zake. Miyezi inayi ndinkangothira tiyi ndi kumvetsera. Palibe amene anandikakamiza kuyankhula.

Tsiku lina ankakambirana za akazi a m'mabukuwo amene amatulutsidwa m'nyumba bambo wa pakhomo akamwalira, chifukwa kumeneko malo ankatsata ana aamuna. Bambo Daniels anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti nanga kwathu zimakhala bwanji. Ndinafotokoza kuti kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo banja likatha wonyamula chikwama ndi mwamunayo. Pomwepo mafunso anayamba. Nanga mwamunayo akamanga nyumba ya njerwa? Nanga ana ndi a ndani? Mlonda uja anafunsa ngati amuna a kwathu amagona tulo. Tinapitirira nthawi mpaka wa pa laibulale anabwera kudzagogoda. Tikubwerera, mayi Dorini anati takhala limodzi miyezi yonseyi koma sankadziwa kuti ndili ndi munda. Ndinati sanandifunsepo. Kuyambira sabata imeneyo tinayamba kumawerengerana masana, iwo tsamba limodzi, ine lina.

Dzina langa linalembedwa pa ndandanda ya mamembala. Ndinamaliza buku loyambalo, lachiwiri, lachitatu. Ndinaphunzira kutsutsa munthu wa msinkhu wa amayi anga pa nkhani ya m'buku, iye n'kundithokoza. M'chaka chachitatu anandipempha kuti ndiyankhule kwa theka la ola, kufanizira za m'mabukuwo ndi za kwathu. Ndinakonzekera milungu iwiri. Ndinapempha Aginesi kuti ajambule munda wanga anditumizire, ndipo chithunzicho anachionetsa pa khoma: chimanga chobiriwira, nandolo m'mizere, phiri kumbuyo. Ndinaimirira kutsogolo n'kunena mawu amene ndimawakumbukira mpaka lero:

"Kwathu mkazi sathamangitsidwa. Ndikhoza kukhala kuno zaka makumi awiri, munda uwu ndikaupeza."

Anaomba m'manja, ndipo ine ndinkakhulupirira zimene ndinanenazo. Ndikaganiza tsopano ndimaona kuti Ndunde amene ndinkamukamba kumeneko anali wosesedwa ngati bwalo loyembekeza alendo. Sindinawauze kuti mundawo ungathe kuudutsa ukuimba vesi limodzi la nyimbo. Sindinafunsenso Aginesi kuti chimanga cha pachithunzicho wadzala ndani. Yankho ndinkalidziwa, kungoti sindinafune kulimva.

Chaka chachisanu mvula yamphamvu inagwetsa nyumba zambiri kwathu, ya Aginesi inagwa nawo. Anandiimbira akulira, ine ndinati alowe m'nyumba yanga, imene ndinali nditaifolera ndi malata. Tadala nthawi imeneyo anali atayamba kuyankhula nane mwachidule pa foni. Ankati ali bwino, sukulu ikuyenda, kenako n'kupereka foni kwa wina.

Mayi Dorini anamwalira m'nyengo yozizira, m'chipatala, ine ndili pambali pawo. Ana awo anabwera kuchokera kunja, anandithokoza, anandipatsa mwezi umodzi woti ndisamuke, nyumba n'kuiika pa malonda. Ntchito ina ikanapezeka, koma ndinali nditatopa ndi kusambitsa makolo a anthu ena. Loweruka lomaliza a m'gulu lija anandipatsa mabuku atatu ndi khadi imene aliyense analembamo, bambo wosaona uja atauza namwino zoti awalembere. Bambo Daniels anati ndikafika ndikapereke moni ku mundawo.

Ku Ndunde anandilandira bwino, zimenezo sindingakane. Anapha nkhuku, anthu anabwera kudzandiona masiku atatu. Tadala anali wamtali kuposa ine. Anagwada pondipatsa moni, ndipo ndinamumva akuuza mnzake kuti abwera amayi a ku Joni. Akati amayi basi, ankatanthauza Aginesi. M'nyumba yanga munali Aginesi, mwamuna wake, ana awo atatu ndi Tadala. Anandikonzera chipinda chimene ankasungiramo matumba a chimanga.

Mmawa wina ndinapita ndekha kumunda. Mzere waukulu umene unali malire pakati pa gawo langa ndi la Aginesi kunalibenso, unali munda umodzi kuchokera kunjira mpaka kudimba. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi, kenako ndinapita kwa amalume, alongo awo a amayi, amene amaweruza za malo m'banja mwathu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anaitanitsa Aginesi. Iye anabwera n'kukhala pansi, maso ali pa chitenje chake.

"Mundawu ndi wako, palibe amene akukana," anatero amalume. "Ukafuna tikaika malire mawa. Koma udziwe kuti amene akudya pamenepo ndi anthu asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mwana wako."

Aginesi anangoti achemwali akafuna atenge, iye sangalimbane nawo. Sananame, akanandipatsadi. Ndinayang'ana manja ake, kenako anga, amene anali atafewa ndi sopo wa m'nyumba ya mayi Dorini. Ndinauza amalume kuti ndiganize kaye. Palibe amene anandilakwira. Ndinafufuza wolakwa masiku angapo, monga tinkachitira ndi anthu a m'mabuku aja, koma sindinamupeze.

Sabata yachitatu ndinali kuthandiza amayi kuthirira kabichi kudimba. Anaika pansi chitini chawo n'kufunsa, osandiyang'ana:

"Iwe Marita, nanga ubwerera liti?"

"Sindibwereranso, amayi. Ndabwera."

 Amayi anafunsa kuti nanga feteleza wa chaka chino achokera kuti, nanga fizi ya Tadala ya ku sekondale. Sanafunse mwaukali, ndipo sikuti sankandikonda. Anafunsa mmene munthu amafunsira akamva kuti chigayo cha pamudzi chatsekedwa. Pamenepo ndinamvetsa chimene aliyense pamudzipo ankachidziwa kupatula ine. M'zaka zisanu ndi ziwirizo banja linali litakhazikika bwino: Aginesi wolima ndi kulera, amayi wa kudimba, amalume wa milandu ndi maliro, ine wa kutali. Malo anga pamudzi analipo ndithu, ndipo ankandilemekeza nawo, koma anali malo a munthu amene kulibe. Nditabwera, panasowa pondiika.

Malire sitinaike. Ndinapeza ntchito pa sukulu ina yaing'ono pa Namadzi, ndipo ndimachita lendi chipinda kuseri kwa msika. Malipiro ake safika n'komwe pa a ku Kepitawuni, komabe mwezi ukatha ndimatumiza kangachepe kwa Aginesi monga kale. Tadala anasankha kutsala ku Ndunde kufikira atalemba mayeso. Amabwera Loweruka lina, timaphika, amandiuza za anzake pang'onopang'ono. A m'gulu lija amanditumizirabe uthenga wa buku la mwezi, ndipo ndikakhala ndi mayunitsi ndimalemba maganizo anga, bambo Daniels n'kukawawerengera anzathu.

Tsiku limene ndinkasamukira pa Namadzi, amayi anandimangira nandolo ndi mbatata m'kathumba. Anavala chitenje chawo chabwino, anandilanda chikwama chaching'ono n'kuchisenza okha. Ndinawauza kuti asavutike, njira ndikuidziwa, ndinabadwira pomwepa. Iwo anati n'zosatheka kuti ndipite ndekha, anthu angati chiyani. Tinayenda limodzi kudutsa m'mphepete mwa munda uja mpaka pamsewu, ndipo anaima nane kufikira minibasi itabwera. Ndili mwana ndinkapita ku msika ndi ku sukulu, nditakula ndinapita ngakhale ku Joni komwe, amayi atangondikweza dzanja ali pakhonde. Kwathu mwana wapakhomo saperekezedwa. Timaperekeza alendo.