Botolo la a Dennis

Ndinali ndi zaka khumi pamene agogo anga obereka mayi anabwera ku Bolton, ku Mangalande, kudzatilera. Mayi anali namwino, ndipo akaweruka ankangodziponya pabedi nsapato zili kuphazi. Agogo sankadziwa Chingerezi, choncho wowalankhulira ndinali ine: m'basi, m'sitolo, kwa dokotala. Ntchito imeneyi inkanditopetsa.

M'nyumba yogundizana ndi yathu munkakhala a Dennis, bambo wokalamba amene akazi awo anamwalira kalekale. M'mawa uliwonse agogo akasesa pakhomo pathu ankapitiriza mpaka pakhomo pa a Dennis, kuzizira kukuluma zala. Sankalankhulana. Ankangogwedezerana mitu basi.

Khirisimasi itayandikira, a Dennis anagogoda atanyamula botolo la vinyo woyera. Anati ndi wa ku Chile, amene akazi awo ankamukonda, ndipo anandipempha ndiwauze agogo kuti akuthokoza chifukwa cha kusesa kuja. Sindinamasulire. Ndinangoyankha ndekha m'Chingerezi kuti kwathu sitimwa mowa, ndi tchimo. Agogo anali a Mvano, ndiye ndinkayesa ndawathandiza.

Dzanja la a Dennis linayamba kubwerera m'mbuyo. Agogo anandikankhira pambali, anapinda maondo pang'ono, n'kulandira botololo ndi manja awiri.

Titatseka chitseko anandifunsa zimene ndinanena. Ndinayesa kuzemba, koma anati nkhope ya munthuyo yawauza kale.

"Iwe ndinakutuma kunyamula mawu, osati kundiyankhira," anatero. "Munthu wabwera ndi chimene ali nacho. Pita ukawaitane, adzadye nafe Lamulungu."

Ndinapita misozi ili m'maso chifukwa cha manyazi. Lamulungulo a Dennis anabwera atamanga tayi. Agogo anawathirira vinyo m'tambula, kenaka n'kudzidonthezera pang'ono m'kapu ya tiyi. Atanyambita anakwinya nkhope, n'kunena kuti fungo ndi la gwafa koma kuwawasa kwake ndi kwa bwemba. Ulendo uno ndinamasulira liwu lililonse. A Dennis anaseka mpaka kutsamwa, kenaka anatiuza kuti chimwalirire akazi awo anali asanadyepo patebulo limodzi ndi munthu.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi viza ya agogo inatha. Anabwerera ku Ntcheu, ndipo anatisiya ndisanawaonenso.

Lero inenso ndine namwino, ku Leeds. Ndimafika kunyumba msana ukuphwanya, ndilibe mphamvu ngakhale zoperekera moni, ndipo amene ndayandikana naye sindimudziwa dzina ngakhale wailesi yake ndimaimva kuseri kwa khoma. Pano m'pamene ndazindikira kuti agogo nawonso ankasungulumwa m'nyumba ija, tsiku lonse ali pawindo kudikira kuti tiweruke. Okalamba awiri aja ankamvana bwinobwino popanda liwu ndi limodzi lomwe. Amene sankamva kanthu ndinali ine, mwini zilankhulo ziwiri.