Mayi Faida Apeza Bonongwe mu Laibulale

Mayi Faida a ku Chitawira anaphikira ana phala pasukulu ya mkaka kwa zaka zambiri. Ana awo atakula, mayiwa anabwerera kusukulu, ndipo yunivesite inawatenga kuti aphunzire za kadyedwe koyenera.

Tsiku loyamba kulowa mu laibulale ankaopa ngakhale kutsokomola. A Stafford, oyang'anira mabuku, anawakhazika pakompyuta.

"Tifufuze chiyani, mayi?"

"Ana ena kusukulu kwathu amachepa magazi. Kodi mabuku akuluakuluwa amanenapo za bonongwe?"

A Stafford atalemba dzinalo, zolembedwa zinangoti mbwee pakompyutapo, zina za kafukufuku wochitika ku Malawi konkuno. Mayi Faida anaiwaliratu zoti pamalopo salola phokoso.

"Abale inu! Ndiwo zongomera zokha kuseri kwa khitchini zija, anthu anazilembera mabuku!"

Ophunzira anacheuka n'kuseka, koma iwo analibe nazo ntchito. Anawerenga osadzuka mpaka msana kuwawa. Pobwerera kwawo anafotokozera minibasi yonse, mpaka anapitirira siteji yawo.

Pano akumaliza kafukufuku wawo, ndipo Loweruka lililonse amaphunzitsa azimayi a m'dera lawo kaphikidwe kosapha michere ya m'masamba.